Aulendo Awiri pa Njira ya ku Cairo

Kumaiko a Azungu kuli mwambo masiku ano wakuti munthu amene wagwira ntchito zaka zingapo, nasungako ndalama, amapempha kwa eni ntchito kuti ayambe wapuma chaka chathunthu, ndipo amanyamuka kukazungulira dziko lonse la pansi. Amaona mizinda, nyanja ndi mapiri, ndipo ndalama zikayamba kuchepa amabwerera kwao, napeza mpando wake uli pomwe anausiya. Ulendo wotere ufanana ndi wa mlimi amene watsamiritsa khasu pamtengo kuti akamwe madzi kudambo: munda ndi wake ndithu, ndipo pobwera adzaupeza.

Kuno ku Malawi anthu akhala akuyenda maulendo atali kuyambira kale, koma maulendo ao sanali opumulira. Amuna ankapita ku Halale, ku Joni, ndi ku migodi ya golidi ya ku Lupa m'dziko la Tanganyika, chifukwa cha msonkho, chifukwa cha malowolo, ndiponso chifukwa kumudzi kunalibe ntchito ya ndalama. Ambiri ankabwerako ndi njinga kapena makina osokera. Ena sanabwereko konse, ndipo anthu anawatcha matchona. Tsono m'mbiri ya dziko la Karonga muli anyamata awiri amene anayenda m'dzikomo maso ali ku Cairo, mzinda waukulu wa ku Egypt. Woyamba anali Mngerezi wongopitirira, wachiwiri anali mwana wa m'dziko momwemo, ndipo pakati pa maulendo ao panapita zaka 60. Onse awiri anasiya njira imene anzao ankatsata kuti apeze ntchito, onse awiri analemba mabuku a ulendo wao, koma chimene ulendowo unawachitira chinali chosiyana kwambiri.

Poyamba pafunika kudziwa chifukwa chake njira ya kumpoto inkadzera pa Karonga. Malowa ali chakumapeto kwa nyanja, pa chigwa cha nthochi, mpunga ndi ng'ombe, m'dziko la Ankhonde ndi mfumu yao Kyungu. Sitima zochokera kumwera zinkathera pamenepo, ndipo wofuna kupitirira ku nyanja ya Tanganyika anayenera kutsika ndi kuyamba wapansi. Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inakhazika sitolo yake pa Karonga, ndipo kuchokera pomwepo unayamba mseu wokwera mapiri umene unatchedwa dzina la James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow amene anapereka ndalama zoulimira. Mseuwo sunathe wonse. Mbali yaikulu inali kanjira ka miyendo chabe. Komabe katundu yense wa amishoni, wa amalonda ndi wa Boma ankadzera m'menemo pamitu ya amtengatenga, munthu mmodzi kusenza mapaundi 50 kapena 60, malipiro ake nsalu. Kuyambira 1887 panali nkhondo pakati pa a Mandala ndi Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo amene anamanga linga lake ku Mpata, ndipo nkhondoyo inatha mu December 1895 pamene Harry Johnston anagwetsa lingalo nanyonga Mlozi.

Patangopita zaka zitatu chiphedwere Mlozi, anatsika pa Karonga mnyamata wa zaka 24 dzina lake Ewart Grogan, amene ankayenda ulendowo ndi mnzake wachikulire Arthur Sharp. Grogan anabadwira ku London mu 1874 m'banja lopeza bwino. Analowa sukulu yaikulu ya Cambridge koma sanatsirize, pakuti anali wosakhazikika ndi wokonda zachibwana. Mu 1896 anali ku Bulawayo kumenya nao nkhondo ya Amandebele, ndipo atadwala kwambiri anapita ku New Zealand kukapuma. Kumeneko anakonda mtsikana wa banja lolemera, Gertrude Watt. Bambo womlera mtsikanayo sanafune mkamwini wopanda ntchito ndi wopanda dzina, tsono Grogan analonjeza kuti adzayenda Africa yense kuchokera ku Cape mpaka ku Cairo, chinthu chimene panalibe Mzungu anali atachichita. Kunena mwachidule, ulendo wake unali malowolo.

Anthu amati Grogan anayenda pansi njira yonse, koma si momwemo kwenikweni. Gawo la kumwera analiwerengera pa maulendo ake akale, ndipo ulendo uno anauyambira ku Beira. Pa nyanja ya kuno anakwera sitima, pa nyanja ya Tanganyika chimodzimodzi, ndipo kumapeto anatsika mtsinje wa Nile pa ngalawa. Izi sizichepetsa mavuto amene anaona pakati pa nyanja za Kivu, Edward ndi Albert, ngakhale m'madambo oopsa a kumwera kwa Sudan, kumene anayenda masiku ambiri m'matope, ali ndi malungo, Sharp atabwerera kale. Kulimba mtima anali nako. Koma pochoka pa Karonga anali ndi mzere wautali wa amtengatenga osenza mahema, mfuti, zipolopolo, mankhwala, nsalu ndi mikanda zogulira chakudya. Ndipo m'maboma a Angerezi, a Ajeremani ndi a Abelijiamu ankalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka. Atonga ena a m'mbali mwa nyanja ya kuno anapita naye mpaka ku Egypt. Iwowa anaponda paliponse pamene iye anaponda, katundu ali pamutu, koma dziko la pansi linamva za munthu mmodzi yekha.

Grogan anafika ku Cairo kuchiyambi kwa 1900. Chaka chomwecho anatulutsa buku lake lotchedwa From the Cape to Cairo, limene mau ake otsogolera analemba Cecil Rhodes, ndipo anakwatira Gertrude. Pambuyo pake anakhazikika ku Kenya, napatsidwa nkhalango yaikulu yocheka matabwa, nakhala mmodzi wa Azungu olemera ndi olankhula mwaukali m'dzikomo. Mu 1907 anakwapula antchito ake atatu Achikikuyu poyera, patsogolo pa bwalo la milandu mu Nairobi, ndipo anamangidwa mwezi umodzi. Mkazi wake atamwalira anamanga chipatala cha ana mu Nairobi momkumbukira. Anafera ku Cape Town mu 1967. Kwa iye zaka ziwiri za m'thengo zinali ngati mbeu yobzala m'dimba: anataya pang'ono, nakolola moyo wake wonse.

Mnyamata wachiwiri anabadwira m'mudzi wa Mpale, kufupi ndi Nthalire, m'mphepete mwa mapiri a Nyika. Lero dera limeneli lili m'boma la Chitipa, koma masiku amenewo Chitipa ankatchedwa Fort Hill, ndipo dziko lonselo linali m'manja mwa Bwana Disi wa ku Karonga. Makolo ake anali Atumbuka osauka, osadziwa kulemba, kotero tsiku la kubadwa kwake silinalembedwe paliponse. Pambuyo pake anthu anangoti chaka cha 1942. Iye mwini anasimba kuti ali khanda mai wake, atathedwa nzeru, anamponya mu mtsinje wa Didimu, ndipo munthu wina anamvuula. Chifukwa chake anamutcha Didimu. Ali pa sukulu anafuna dzina lomveka ngati la Chingerezi, napeka yekha lakuti Legson. Odziwa Chingerezi amaseka poona kuti chiyambi cha dzinalo ndi mau otanthauza mwendo, ngati kuti mwanayo anadziwiratu chimene chidzamtchukitsa. Ameneyu ndiye Legson Didimu Kayira.

Anaphunzira m'masukulu a mishoni a kwaoko mpaka anafika ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe, pamene Dr Robert Laws anakhazika sukulu yake yaikulu mu 1894. Mnyamata wotuluka pa Khondowe masiku amenewo sankasowa pogwira. Ankatha kukhala mphunzitsi, kalaliki wa pa Boma kapena wa kwa Mandala, ngakhale wothandiza m'chipatala, ndipo kumudzi kwao akadakhala munthu wamkulu, wovala nsapato, wolipirira abale msonkho. Imeneyi ndiyo ntchito imene Kayira anaisiya asanaiyambe n'komwe. Chimene iye ankafuna chinali maphunziro apamwamba, ndipo m'Nyasaland munalibe sukulu yotere. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965. Ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Salisbury malo anali owerengeka, ndipo mwana wa ku Mpale analibe womlankhulira. M'mabuku a pa sukulu anawerenga za Abraham Lincoln, mwana wa mmphawi amene anakhala mtsogoleri wa America, ndi za Booker T. Washington, amene anabadwa kapolo nayenda ulendo wautali kufuna sukulu. Anatsimikiza mtima kuti apita ku America.

Nzeru yake inali yapafupi, ndipo munthu wamkulu akadaitcha yopusa. Anayang'ana pa mapu naona kuti ku Egypt kuli madooko kumene sitima zazikulu zimaima. Tsono anati adzayenda pansi mpaka kumeneko, adzapempha ntchito m'sitima, ndipo sitimayo idzamtula ku New York. Analibe chiphaso cha ulendo, analibe kalata ya sukulu iliyonse yomuitana, analibe ndalama. Ananyamuka mu October 1958, wopanda nsapato, atavala malaya a sukulu olembedwa mau a chilimbikitso a pa Livingstonia otanthauza kuti "Ndidzayesa". Katundu wake anali bulangeti, kankhwangwa, mapu, kamba wa masiku asanu, ndi mabuku awiri: Baibulo ndi buku la John Bunyan lija la ulendo wa Mkhristu. Mai wake sankadziwa kumene America ali, monganso anthu ambiri a m'mudzimo.

Nyengo imene ananyamukira inali yotentha m'dziko muno. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene nayenso ali mnyamata anachoka ku Kasungu wapansi kunka kumwera, anali atangobwera pa 6 July chaka chomwecho kudzamenyana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu February 1959 anthu anatseka bwalo la ndege la ku Fort Hill, ndipo pa 3 March Bwanamkubwa analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu ambiri namangidwa. Boma la Karonga linali limodzi la maboma amene anavuta koposa. Zonsezi zinachitika Kayira ali m'njira za ku Tanganyika; anzake a msinkhu wake ankalowa m'ndale, iye ankafunsa njira ya ku Mwanza.

Kamba wa masiku asanu atatha, anayamba moyo umene unakhala wake zaka ziwiri. Akafika pamudzi ankapempha ganyu, kulima, kusenza, kapena ntchito ina iliyonse, kuti apate chakudya ndi malo ogona. Akapeza tindalama ankapitirira. Kumene kunalibe midzi ankagona kuthengo nadya zipatso. Anadwala malungo, ndipo anthu osamdziwa anamsunga nampatsa mankhwala a zitsamba. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa iye ndi Grogan. Mngerezi uja ankagula njira ndi nsalu, ndipo pena ndi mfuti. Kayira analibe chogulira, kotero njira yake inali m'manja mwa eni midzi, anthu a zinenero zimene iye sanazidziwe. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pakadapanda anthu osunga mwambi umenewu m'Tanganyika ndi m'Uganda, mbiri iyi ikadathera patchire.

Ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, anakhala miyezi ingapo akugwira ntchito, ndipo mu January 1960 anafika ku Kampala. Miyezi 15 inali itapita, koma anali asanafike ndi pakati pomwe pa njira ya ku Cairo. Chimene chinasintha ulendo wake chinali nyumba yowerengeramo mabuku imene boma la America linatsegula mu mzindawo. Kayira ankapita kumeneko akaweruka ku ganyu, ndipo tsiku lina anapeza buku la maina a masukulu a ku America. Maso ake anagwa pa dzina la Skagit Valley College, kasukulu ka mu mzinda waung'ono wa Mount Vernon m'chigawo cha Washington, kumpoto kwa Seattle, kutsidya lina la America, kutali kwambiri ndi New York. Analemba kalata yosimba za iye mwini napempha malo. Mkulu wa sukuluyo, George Hodson, anayankha kuti amlandira ndipo sadzalipira za maphunziro.

Munthu angaganize kuti mavuto anathera pomwepa, koma kunena zoona apa ndi pamene anakumana ndi mpanda umene Grogan sanauone konse, ndiwo wa mapepala. Kuti alowe m'America panafunika chiphaso cha ulendo, ndipo chiphaso chinafuna tsiku la kubadwa, limene iye analibe. Panafunikanso chilolezo cha boma la America, ndipo chilolezocho sankapereka kwa munthu wopanda ndalama za ulendo. Za chiphaso anathandizidwa ndi amishoni amene anamphunzitsa, atawalembera makalata. Za ndalama analibe pogwira. Nthawi yomweyo ku Kenya, dziko loyandikana nalo, Tom Mboya anali atakonza ndege zonyamula ophunzira kunka ku America, ndipo mu September 1959 ananyamuka 81 pa ndege imodzi. Mwana wa ku Nyasaland analibe gulu lotere pambuyo pake. Tsono ananyamulanso kankhwangwa kake nalunjika kumpoto, poganizabe za sitima za ku Egypt.

Gawo ili linali loopsa kuposa loyamba. Sudan anali atalandira ufulu mu 1956, ndipo kuyambira November 1958 ankalamulidwa ndi asilikali a General Abboud. Kumwera kwa dzikolo kunali kosakhazikika chiyambire kuukira kwa asilikali a ku Torit mu 1955. Ndi dziko lomwe lija la madambo ndi udzudzu kumene Grogan anatsala pang'ono kufa. Kayira anadutsamo, pena wapansi, pena pa zokwera akapeza womkweza kapena tindalama, mpaka anafika ku Khartoum mu September 1960, atayenda mamailosi oposa 2,000 chichokere kwao. Pa ofesi ya kazembe wa America anapeza bwana wina, Emmett Coxson, amene anamva nkhani yake nalembera ku Skagit Valley kuwauza kumene wophunzira wao wafika ndi chimene chamtsekereza. Ophunzira a sukuluyo ndi anthu a mu Mount Vernon anasonkha ndalama, ndipo mu December 1960 Kayira anakwera ndege. Ku Cairo, kumene anakulinga zaka ziwiri, sanafikeko wapansi. Mapu aja anamsocheretsa bwino.

Anafika ku Mount Vernon m'nyengo yozizira, nalandiridwa m'nyumba ya banja lina la komweko. Nyuzipepala za m'America zinalemba za iye, ndipo anthu ankamuitana m'machalichi ndi m'misonkhano kuti asimbe za ulendo wake. Atatha pa Skagit Valley analowa University of Washington mu Seattle, naphunzira za kayendetsedwe ka maboma, ndipo pambuyo pake anapita ku England kukaphunzira mbiri yakale pa St Catharine's College ku Cambridge. Umenewu ndi mzinda womwe uja umene Grogan anauchoka osatsiriza maphunziro, pakuti kwa iye sukulu inali chinthu chotola ndi kutaya. Mu 1965 Kayira anatulutsa buku la ulendo wake, nalitcha I Will Try, mau aja a pa malaya a ku Livingstonia. Bukulo linagulidwa kwambiri, ndipo ndi limodzi la mabuku oyamba a Mmalawi kuwerengedwa m'maiko ambiri.

Ponyamuka ku Mpale cholinga chake chinali chakuti akaphunzire ndi kubwera kudzathandiza dziko lake. Koma dziko limene analisiya silinamdikire. Nyasaland anasanduka Malawi pa 6 July 1964, ndipo patangopita miyezi iwiri nduna zina zinasemphana ndi Dr Banda. Ambiri a iwo anathawira kunja, ndipo kuyambira pamenepo anthu ophunzira, makamaka ochokera kumpoto, ankayang'anidwa ndi diso lokayika. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Kayira anakhazikika ku England, nagwira ntchito mu London yoyang'anira anthu amene bwalo la milandu lawamasula kuti asinthe khalidwe ali kunja kwa ndende. Usiku ndi masiku opuma ankalemba. Anatulutsa The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971, ndi The Detainee mu 1974. Mabuku awiri oyambawo ndi a moyo wa kumudzi, ufiti, milandu ya kwa mfumu, ndi nkhalamba yokangana ndi sukulu chifukwa cha mwana wake. Munthu wowawerenga aona kuti mtima wa wolemba unali ukadali kuseri kwa Nyika. Lotsirizalo lisimba za munthu wamba wa kumudzi amene agwidwa popanda mlandu m'dziko lolamulidwa ndi munthu mmodzi. Ngakhale dzikolo sanalitche Malawi, panalibe Mmalawi amene akadalephera kulizindikira, ndipo wolemba buku lotere sakadakhala mwamtendere m'Malawi wa masiku amenewo.

Motero mwana amene mai wake anampangira kamba wa masiku asanu anakhala mtchona, ngakhale kutchona kwake sikunali kwa ku migodi. Ulamuliro wa Dr Banda unatha mu 1994, koma pamenepo Kayira anali atakhala kunja zaka zoposa 30, ali ndi banja ndi ntchito ku England. Anamwalira ku London mu October 2012, mwezi womwewo umene ananyamukira ku Mpale, patapita zaka 54.